Mmene mungalondolere malikisi ndi khama la ophunzira pogwiritsa ntchito foni ndi kompyuta

Malangizo awa ndawalembera aphunzitsi ochokera ku Malawi amene akugwira ntchito m'sukulu za mu Johannesburg, makamaka sukulu zoyima pazokha za fizi yotsikirapo zimene zili m'katikati mwa mzinda ndi m'madera monga Yeoville, Rosettenville ndi Turffontein, komanso amene amaphunzitsa ana masana akaweruka kapena Loweruka m'maholo a matchalitchi. Ambiri mwa inu muli ndi foni yamakono, ena muli ndi laputopu yakale imene ikugwirabe ntchito, ndipo zimenezi n'zokwanira pa zonse zimene zafotokozedwa pano. Dongosolo lonseli laima pa mfundo yakuti malikisi a mwana ndi khama lake ziyenera kulembedwa padera, kenako n'kuziyerekeza. Malikisi amasonyeza zimene mwana akudziwa lero, pamene khama limasonyeza zimene akuchita kuti adziwe, ndipo mphunzitsi amene wazisakaniza m'nambala imodzi sangathenso kudziwa chimene chikumuvuta mwanayo.

Yambani ndi zimene sukulu ikufuna kwa inu

Musanatsegule pulogalamu ina iliyonse, khalani pansi ndi mkulu wa dipatimenti yanu ndipo mutenge ndandanda ya mayeso ovomerezeka a chaka chonse. Ndondomeko ya maphunziro ya CAPS, imene inalowa m'makalasi osiyanasiyana kuyambira 2012 mpaka 2014, imasiyanitsa njira ziwiri zoyesera ana. Pali mayeso ndi ntchito zovomerezeka, zimene akuluakulu amayamba aziunika, ndipo malikisi ake amalembedwa m'kaundula n'kupita pa sukulu lipoti. Ndiye pali kuyesa kwa tsiku ndi tsiku, monga mafunso a m'kalasi, ntchito ya kunyumba ndi timayeso tachidule, kumene CAPS sikakamiza mphunzitsi kulemba malikisi ake. M'sukulu zambiri malikisi ovomerezeka amalowetsedwa mu SA-SAMS, imene ndi pulogalamu ya Dipatimenti ya Maphunziro yosungira mbiri ya ophunzira. Tebulo limene mupange silikulowa m'malo mwa SA-SAMS. Ntchito yake ndi kusunga zimene pulogalamuyo sisunga, zimene ndi zochitika za m'masabata a pakati pa mayeso ovomerezeka, pamene mwana akadali wotheka kumuthandiza.

Amene munayamba kuphunzitsa kwathu mukumbukire kuti chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Januwale ndipo chili ndi materemu anayi, komanso kuti malikisi amaikidwa m'makhodi asanu ndi awiri. Khodi 7 ndi malikisi 80 mpaka 100, khodi 6 ndi 70 mpaka 79, ndipo amatsika choncho ndi makumi mpaka khodi 2 imene ndi 30 mpaka 39, pamene khodi 1 ndi chilichonse kuyambira 0 mpaka 29. Ku Grade 12, m'maphunziro ambiri, ntchito za pasukulu zimatenga 25 peresenti ya malikisi omaliza, ndipo 75 peresenti yotsalayo imachokera ku mayeso a boma.

Sankhani zinthu zitatu zooneka ndi maso zimene muzizitcha khama

Pano ndi pamene ntchito yeniyeni ili, ndipo imachitika papepala, kompyuta isanayatsidwe. Mphunzitsi akafunsidwa kuti mwana wakhama m'kalasi mwake ndi uti, kawirikawiri amatchula mwana waulemu, wosalongolola, wa kope laukhondo ndi wolemba mokongola. Makhalidwe amenewa ndi abwino, koma si umboni wakuti mwanayo akulimbana ndi phunziro. Mwana angathe kukhala chete teremu yonse akungokopera za pabolodi, pamene mnzake waphokoso ndi amene amayesa samu imodzi katatu mpaka itatheka. Choncho musalembe zimene mukuganiza za mwana, koma zimene wachita zoti mphunzitsi wina atatsegula kope lomwelo angazione.

Chinthu choyamba ndi kuyesa funso lililonse limene lapatsidwa, ngakhale yankho likhale lolakwika, n'kusonyeza njira imene wadutsa. Chachiwiri ndi kukonza zolakwa kope likachongedwa, ndipo kukonza kwake kukhale kuyambiranso funsolo yekha, osati kukopera yankho limene mwalemba pabolodi. Chachitatu ndi kupereka ntchito pa tsiku limene munagwirizana. Pa chilichonse mwa zitatuzi perekani nambala imodzi pa sabata: 2 ngati wachita mokwanira, 1 ngati wachitako pang'ono, 0 ngati sanachite. Musakopeke ndi muyeso wa 1 mpaka 10, chifukwa palibe mphunzitsi amene angafotokozere kholo kusiyana kwa khama la 6 ndi khama la 7, ndipo nambala imene simungaifotokoze imangosanduka kukondera.

Kujomba, kuchedwa, yunifolomu ndi kusowa zolembera zisalowe m'nambala zimenezi. Zili ndi kaundula wake, ndipo kawirikawiri zimasonyeza mmene zinthu zilili kunyumba. Mwana amene amakwera matekisi awiri kuchokera ku Diepsloot kapena ku Cosmo City akafika mochedwa, mlandu wake si ulesi.

Mukasankha zitatuzo, zilembeni papepala lalikulu n'kulimata pakhoma, ndipo muwafotokozere ana chimodzichimodzi pamodzi ndi zitsanzo za kope limene lingapeze 2 ndi limene lingapeze 1. Lachisanu lililonse mwana aliyense adzipatse yekha nambala zake zitatu kumapeto kwa tsamba la sabatalo inu musanapereke zanu. Pamene nambala zanu ndi zake zasiyana kwambiri, pamenepo pali nkhani yoti mukambirane.

Konzani tebulo

Mungagwiritse ntchito Google Sheets, imene imatsegukanso pa foni, kapena Excel ngati sukulu inagula, kapena LibreOffice Calc imene ndi yaulere ndipo sifuna intaneti. Pangani fayilo imodzi ya kalasi iliyonse, ndipo ikhale ndi masamba atatu: la malikisi, la khama ndi lachidule. Pa masamba onsewo danga A likhale la nambala ya mwana m'rejisitala, danga B la dzina lake loyamba ndi chilembo choyamba cha dzina la bambo ake, ndipo ana akhale m'ndondomeko yofanana pa tsamba lililonse kuti mzere 14 ukhale wa mwana yemweyo paliponse. Gwiritsani ntchito lamulo la Freeze pa madanga awiri oyambawo ndi pa mzere wapamwamba kuti mayina asasowe mukamayenda cham'mbali, makamaka pa foni pamene chophonya chofala ndi kulemba malikisi pa mzere wa mwana wina.

Pa tsamba la malikisi, danga lililonse likhale la ntchito imodzi, ndipo pamwamba pake mulembe tsiku ndi mutu weniweni wa phunziro. Mutu wakuti "mayeso achitatu" sudzakuuzani kanthu pakapita miyezi iwiri, koma wakuti "kuphatikiza mafulakishoni" kapena "kuwerenga ndime ndi kuyankha mafunso" udzakusonyezani pamene mwana anayambira kutsalira. Malikisi onse muwasinthe akhale a pa 100 kuti azitheka kuyerekezedwa. Pa tsamba la khama ikani madanga atatu pa sabata iliyonse, ndipo muwatchule ndi zilembo Y, K ndi N, kuimira kuyesa, kukonza ndi nthawi. Teremu ya masabata 10 idzafuna madanga 30, kuyambira C mpaka AF.

Samalani kwambiri ndi kusiyana kwa kabokosi kopanda kanthu ndi kabokosi kolembedwa 0. Mwana akadwala kapena akapita kumaliro, siyani kabokosi kake kopanda kanthu. Lembani 0 pokhapokha ngati analipo, ntchito anailandira, koma sanaichite. Chifukwa chake n'chakuti fomula ya AVERAGE imadumpha timabokosi topanda kanthu koma imawerengera 0, motero mwana amene anagona m'chipatala sabata imodzi angaoneke ngati walekerera sukulu. Kumapeto kwa mzere woyamba wa ana lembani =AVERAGE(C2:AF2) kuti mupeze pakatikati pa khama lake, ndipo m'danga lotsatira lembani =COUNTIF(C2:AF2;0) kuti mudziwe kuti wapeza 0 kangati, kenako kokerani mafomula onsewo pansi mpaka mwana womaliza. Makompyuta ambiri amene anakonzedwa motsatira kalembedwe ka South Africa amafuna chizindikiro cha ; pakati pa zigawo za fomula, pamene ena amafuna chizindikiro cha koma (,), choncho fomula ikakana yambani mwasintha chizindikirocho musanaganize kuti mwalakwitsa zina.

Tsamba lachidule likhale ndi manambala awiri okha pa mwana aliyense, pakatikati pa malikisi ake ndi pakatikati pa khama lake, moyandikana. Kudzera mu Conditional formatting uzani pulogalamuyo kuti ipake utoto wofiira pa malikisi osafika 40 ndi pa khama losafika 1, ndiponso wobiriwira pa malikisi oyambira 70 ndi pa khama loyambira 1,5. Ngati mukugwiritsa ntchito Google Sheets, tsegulani fayiloyo pa foni muli pa intaneti n'kusankha Available offline, kuti magetsi akazima kapena bandulo ikatha muzipitiriza kulemba, ndipo zonse zidzadzitumiza zokha netiweki ikabwera.

Sonkhanitsani umboni mwachangu m'kalasi

Kuti tebulo likhale ndi moyo, mufunika njira yoyesera kalasi yonse m'mphindi zochepa popanda kunyamula mulu wa makope tsiku lililonse. M'sukulu zimene ana saloledwa kubwera ndi mafoni, kapena zimene ambiri alibe, njira imene ndimaikhulupirira ndi Plickers, chifukwa imafuna foni imodzi yokha, ya mphunzitsi. Mumasindikiza makadi ake kuchokera pa intaneti, ndipo mwana aliyense amalandira khadi lokhala ndi nambala yake ndi chithunzi chakuda cha mbali zinayi, zolembedwa A, B, C ndi D ndi tizilembo ting'onoting'ono toti mnzake sangawerenge ali patali. Mukafunsa funso, mwana amatembenuza khadi kuti chilembo cha yankho lake chikhale pamwamba n'kulikweza, inu n'kuyendetsa kamera ya foni kuchokera ku ngodya ina ya kalasi kupita ku inzake, ndipo mayankho a onse amaoneka nthawi yomweyo. Makadiwo alipo mpaka 63, choncho ngakhale kalasi yodzadza imakwanira. Musawakute ndi pulasitiki yonyezimira chifukwa kuwala kwa pawindo kumalepheretsa kamera kuwerenga. Ndi bwino kungowamata pa katoni kapena kumbuyo kwa kope.

Phindu la njira imeneyi limadalira mmene mwalembera mayankho olakwika. Tiyerekeze kuti mwafunsa ana a Grade 6 kuti aphatikize 1/2 ndi 1/3, ndipo mwaika 2/5 pa A, 5/6 pa B, 1/6 pa C ndi 2/6 pa D. Yankho lolondola ndi B, koma ena atatuwo sanaikidwe mwachisawawa. Mwana amene wasankha A waphatikiza manambala apamwamba paokha ndi apansi paokha. Amene wasankha C wachulukitsa kapena wachotsera m'malo mophatikiza, pamene wa D wapeza nambala yapansi yoyenera koma waiwala kusintha zapamwamba. Mukaona kuti ana 15 akweza A, mwadziwa kale chimene muyambe nacho mawa, ndipo simunachonge kope ngakhale limodzi. Mafunso awiri kapena atatu otere kumapeto kwa phunziro ndi okwanira. Ngati kusindikiza makadi sikutheka, mwana aliyense alembe chilembo cha yankho lake ndi nambala yake pa kapepala n'kukupatsani potuluka.

Kwa ana akuluakulu, kuyambira Grade 8, mungapereke timayeso ta kunyumba kudzera mu Google Forms. Mukatsegula fomu, pitani pa Settings, sankhani Make this a quiz, ikani mayankho olondola, ndipo fomuyo idzachonga yokha n'kutumiza malikisi ku Google Sheets, komanso idzakusonyezani mafunso amene ana ambiri alakwa. Funso loyamba likhale la nambala ya mwana m'rejisitala m'malo mwa dzina lathunthu. Dziwani kuti mukasankha zoti munthu ayankhe kamodzi kokha, fomuyo idzafuna kuti mwana alowe ndi akaunti ya Google, imene ambiri alibe. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi a kusekondale angayang'anenso Siyavula, imene inakonzedwa motsatira silabasi ya South Africa ndipo imapereka mafunso oyeserera pa foni.

Pali chenjezo limene ndikufuna mulisunge. Mapulogalamu amenewa amalemba nthawi imene mwana watumizira ntchito, kangati walowa, ndi mafunso angati wayankha, ndipo manambala amenewa amaoneka ngati muyeso wa khama. Nthawi zambiri amangoyesa amene ali ndi foni ndi bandulo. M'nyumba zambiri za anthu akwathu foni yamakono ndi imodzi, ndipo ili m'chikwama cha mayi amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton kapena ku Randburg n'kufika kunja kutada. Mwana wa m'nyumba imeneyo akatumiza ntchito 10 koloko usiku, kapena akalephera kutumiza, musafulumire kulemba 0. Ntchito iliyonse ya pa intaneti ikhale ndi inzake ya papepala, ipatsidwe masiku osachepera atatu, ndipo imene yabwera papepala ilandire nambala yofanana. Komanso, popeza masiku ano pali mapulogalamu amene amayankha samu ukangoijambula, ntchito ya kunyumba yokhoza zonse si umboni wamphamvu ngati kukonza zolakwa kumene mwana wachita inu mukuona.

Lembani sabata iliyonse, pa tsiku limodzi lokhazikika

Kalasi ya ana 40 imafuna manambala 120 a khama pa sabata, ndipo amalembeka mofulumira mukamalemba pamene mukuyendera makope Lachisanu, foni ili m'manja. Chitani ngati mwini golosale amene amalemba ngongole m'kope wogula asanatuluke, chifukwa zimene mudzalembe kumapeto kwa teremu kuchokera m'mutu zidzakhala maganizo anu akale pa mwana aliyense. Ngati muli ndi makalasi asanu, musayambe ndi onse. Yambani ndi kalasi imodzi imene ikukudetsani nkhawa, ndipo muwonjezere ina teremu yotsatira.

Werengani manambala awiriwo pamodzi

Pakatha masabata atatu kapena anayi, tsegulani tsamba lachidule ndipo muyambe ndi ana amene khama lawo ndi lobiriwira koma malikisi ndi ofiira. Awa ndi amene dongosolo lonseli lapangidwira, chifukwa pa sukulu lipoti amaoneka chimodzimodzi ndi ana amene sakuchita kanthu, ndipo amalandira uphungu womwewo wakuti alimbikire, pamene akulimbikira kale. Mwana wotere akauzidwa zimenezi kwa materemu awiri amafika poona kuti kulimbikira n'kopanda phindu.

Choyamba kufufuza ndi chiyankhulo. Ana athu ambiri amayankhula Chichewa kunyumba, Chizulu kapena Chisotho pamasewera, ndipo mayeso amalemba m'Chingerezi. Vuto la kuwerenga ndi lalikulu m'dziko lonse lino: kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a Grade 4 mu South Africa sankatha kuwerenga ndi kumvetsa tanthauzo la zimene awerenga. Muitaneni mwanayo payekha, mutenge funso limene analakwa, ndipo mumuwerengere mokweza. Ngati sanamvebe, mufotokozereni m'Chichewa, umene ndi mwayi umene aphunzitsi anzanu ambiri pasukulupo alibe. Akangolipeza yankho mutamufotokozera, ndiye kuti samu akuidziwa, ndipo chimene chikumugwetsa ndi kuwerenga funso, choncho thandizo lake ndi la mawu a phunzirolo ndi kuwerenga tsiku ndi tsiku. Akalepherabe, bwererani pa tsamba la malikisi n'kutsatira mzere wake chakumanzere mpaka mutapeza mutu woyamba umene anagwa, chifukwa nthawi zambiri mpata unatseguka pamenepo, mwina ngakhale m'kalasi ya chaka chatha. Izi zimachitika kwambiri kwa ana amene abwera kuchokera ku Malawi pakati pa chaka, popeza chaka cha sukulu kwathu chimayamba mu Seputembala ndipo mitu siyenderana. Funsaninso ngati amaona bwino pabolodi ndi kumva bwino ali pamalo ake. Ngati mwayesa zonsezi kwa teremu popanda kusintha, pitani nayo nkhaniyo ku School-Based Support Team, komiti ya pasukulu yothandiza ana amene akuvutika kuphunzira, motsatira SIAS, ndondomeko ya boma ya 2014 yozindikira ndi kuthandiza ana otere. Fomu yoyamba ya ndondomekoyo, SNA 1, imadzazidwa ndi mphunzitsi ndipo imafuna kuti afotokoze zimene waona ndi thandizo limene wapereka kale, ndipo tebulo lanu lidzakhala umboni wokonzeka.

Gulu lachiwiri ndi la ana okhoza bwino koma a khama lofiira. N'zosavuta kuwasiya chifukwa sakuvutitsa aliyense, koma ntchito imene mukuwapatsa ikuwachepera, ndipo akadzafika Grade 10 pamene masamu ndi sayansi zimalimba adzakhala asanaphunzire kukhala pansi ndi funso lovuta. Apatseni mafunso ochepa koma ozama m'malo mowachulukitsira ofanana ndi a anzawo.

Ana amene zonse ziwiri ndi zofiira musawapatse zinthu zitatu nthawi imodzi. Gwirizanani nawo pa chimodzi, makamaka kuyesa funso lililonse, ndipo mwanayo aziona yekha 0 wake akusanduka 1.

Kuposa pakatikati, yang'anirani kusintha kwadzidzidzi. Mwana amene wakhala akupeza 2 kuyambira Januwale akayamba kupeza 0 masabata awiri otsatizana, pakatikati pake padzaonekabe pabwino kwa nthawi yaitali, koma china chake chachitika. Mwina banja lasamuka, mwina kholo lachotsedwa ntchito, mwina akulera azibale ake aang'ono masana, kapena anzake akumunyoza chifukwa ndi mlendo. Mufunseni pambali mofatsa musanaimbire kholo, ndipo nkhani ikakhala yolemera idutse kwa ahedi.

Pomaliza werengani tebulo motsika, danga ndi danga. Ngati ana opitirira theka agwa pa mutu umodzi, kuphatikizapo akhama, vuto lili pa mmene mutuwo unaphunzitsidwira kapena mmene funso linalembedwera, ndipo uyenera kubwerezedwa m'njira ina musanapitirire.

Bwezani zimene mwapeza kwa mwana ndi kwa kholo

Mu 1988, wofufuza za maphunziro Ruth Butler anayerekeza ana amene analandira malikisi okha, amene analandira ndemanga zokha, ndi amene analandira zonse ziwiri, ndipo amene anapita patsogolo kwambiri anali olandira ndemanga zokha. Tonse taonapo mwana akulandira kope, kuyang'ana nambala yofiira, kusuzumira ya mnzake n'kutseka. Choncho pa ntchito za tsiku ndi tsiku sungani malikisi m'tebulo lanu, ndipo m'kope mulembe chiganizo chimodzi chonena choti achite, monga chakuti, "Nambala yapansi waipeza bwino, tsopano sintha zapamwamba pa funso 3 ndi 5 undionetse Lolemba." Poyamikira, tchulani chimene wachita. Ofufuza ena, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, anasonyeza mu 1998 kuti ana oyamikiridwa chifukwa cha nzeru ankafooka msanga akakumana ndi mafunso ovuta kusiyana ndi oyamikiridwa chifukwa cha khama. Kunena kuti "wakonza zolakwa zako zonse masabata atatu otsatizana" kuli ndi mphamvu chifukwa ndi zoona, ndipo mwanayo akudziwa kuti munaziona.

Nambala za khama musaziwonjezere pa malikisi ovomerezeka, ndipo musachotse malikisi pa mayeso chifukwa cha khama lochepa. Malikisi a pa sukulu lipoti ayenera kusonyeza zimene mwana akudziwa, apo ayi mphunzitsi wa chaka chamawa adzalandira mwana wa khodi 4 amene phunzirolo sanalimvetse. Khama lilembedwe m'malo a ndemanga. Sindilimbikitsanso mapulogalamu amene amaonetsa mapointi a ana onse pa sikirini kutsogolo kwa kalasi, chifukwa amene ali pansi pa mndandanda amangozolowera malo awo.

Makolo alembereni mmodzimmodzi pa WhatsApp, osati pa gulu la kalasi, ndipo kwa amene mukudziwa kuti kuwerenga kumawavuta kapena amakhala otanganidwa pantchito, tumizani uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi. Ungakhale wotere: "Moni mayi, ndine mphunzitsi wa masamu wa mwana wanu. Ndimafuna ndikudziwitseni kuti mwezi uno wayesa ntchito zonse ndipo wakonza zolakwa zake sabata iliyonse. Malikisi ake akadali otsika pa mafulakishoni, ndipo ndaona kuti chikumuvuta ndi kuwerenga mafunso m'Chingerezi. Ndizikhala naye Lachiwiri akaweruka. Chonde musamukalipire, koma muzimufunsa madzulo kuti akuwerengereni ndime imodzi mokweza." Fotokozeraninso makolo mmene makhodi amayendera, chifukwa amene analemba MSCE anazolowera kuti 1 ndi kukhoza kwapamwamba ndipo 9 ndi kulephera, pamene kuno khodi 1 ndi yotsikitsitsa ndipo 7 ndiye yapamwamba.

Tetezani zimene mwalemba

Lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, limene linakhazikitsidwa mu 2013 ndipo aliyense anayenera kuyamba kulitsatira mokwanira pofika 1 Julayi 2021, limateteza mwapadera mbiri ya ana osakwana zaka 18, ndipo malikisi, mayina ndi ndemanga za mphunzitsi ndi mbali ya mbiri imeneyo. Musanalowetse mayina a ana mu Plickers, mu Google Forms kapena mu pulogalamu ina iliyonse, dziwitsani ahedi ndipo mufunse ngati fomu imene makolo anasainira polembetsa mwana ikuloleza zimenezi. Amene mumaphunzitsa panokha Loweruka konzani kakalata kachidule konena zimene muzilemba ndi kumene muzisunga, ndipo kholo lisaine. Pamene zingatheke, gwiritsani ntchito nambala ya mwana m'malo mwa dzina. M'tebulo musalembe nambala za pasipoti, za mapepala okhalira m'dziko, za matenda kapena mavuto a m'banja amene mwana wakuuzani mwachinsinsi. Chizindikiro chakuti munakambirana naye pa tsiku lakutilakuti n'chokwanira.

Foni ndi laputopu zikhale ndi pasiwedi, popeza mafoni amabedwa m'matekisi ndi m'misewu ya m'tauni. Mu Google Sheets, pa Share siyani pa Restricted, chifukwa mukasankha Anyone with the link ndiye kuti aliyense amene walandira linkiyo angaone kalasi yonse. Kholo likapempha kuona zotsatira, litumizireni mzere wa mwana wake yekha, osati chithunzi cha tsamba lonse. Kumapeto kwa teremu iliyonse sindikizani tsamba lachidule n'kuliika m'fayilo yanu ya uphunzitsi, ndipo muyerekeze malikisi ovomerezeka amene ali m'tebulo lanu ndi amene alowetsedwa mu SA-SAMS masukulu lipoti asanasindikizidwe, chifukwa nambala imodzi yolembedwa pa mzere wolakwika imavuta kukonza lipoti likafika kwa makolo. Mu Disembala perekani chidule cha mwana aliyense kwa mphunzitsi wa kalasi yotsatira kudzera kwa mkulu wa dipatimenti, kenako chotsani makalasi a chaka chimenecho mu Plickers ndi mu Google Forms, ndipo mufufute mafayilo ndi zithunzi za makope zimene zatsala pa foni yanu.